Akuphonya za mawa, nanga za 2050 akuzidziwa bwanji?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Area 25, mphunzitsi amene apume pantchito chaka chamawa. Iwo alemba kuti: "Ndili ndi munda wa maekala anayi kwathu ku Mitundu ndipo ndikufuna kuikako ndalama za penshoni. Pa wailesi akuti makompyuta aonetsa kuti pofika 2050 dziko lidzakhala litatentha kwambiri. Koma a zanyengo omwewo amati mawa kugwa mvula, ife n'kuanula ufa, dzuwa n'kuswa mtengo tsiku lonse. Wolephera za mawa angadziwe bwanji za 2050? Kodi si nkhani zongodyerapo mabungwe? Ndizikhulupirire, kapena ndizingolima monga ankalimira bambo anga?"

Aphunzitsi, funso lanuli ndalimvapo m'minibasi, pa maliro ndi pa misonkhano ya alimi, ndipo si lachibwana. Ndiyambire kumene ndikathere. Pa nkhani ya kutentha, akhulupirireni makompyutawo, chifukwa akhala akulemba mayeso kwa zaka zoposa 50 ndipo akhala akukhoza. Pa nkhani ya kuchuluka kwa mvula ya ku Mitundu mu 2050, muwamvere ndi khutu limodzi. Ndipo wina akadzakuonetsani mapu okongola osonyeza mamilimita a mvula imene idzagwe m'munda mwanu chaka chimenecho, mugwiritse chikwama chanu.

Chisokonezo china chili m'chilankhulo chathu chomwechi. Mawu oti nyengo timawasenzetsa katundu muwiri. Tikati "nyengo ya lero si yabwino" tikunena mitambo, mphepo ndi mvula ya tsiku limodzi. Tikati "nyengo ya ku Dedza ndi yozizira, ya ku Nsanje ndi yotentha" tikunena khalidwe la malo, limene limaoneka ukasonkhanitsa zaka zambiri, kawirikawiri 30. Kulosera ziwirizi ndi ntchito zosiyana, ngakhale zimagwiridwa mu ofesi imodzi.

Tandiuzani, ndowa ya chimanga idzakhala pa mtengo wanji pa Mitundu tsiku la msika likubwerali? Simunganene ndendende. Zitengera kuti mavenda abwera angati, msewu wa kumidzi ukupitika kapena ayi, ndani wapanikizika ndi fizi. Koma ndikafunsa ngati chimanga chidzadule mu Febuluwale kuposa mu Meyi, muyankha ndisanamalize kufunsa, chifukwa mukudziwa chimene chimakankha mtengo: nkhokwe zimakhala zikutha. Febuluwale ali kutali kuposa tsiku la msika, komabe ndi amene mukumudziwa bwino. Funso la 2050 ndi la mtundu wa Febuluwale. Palibe akunena kuti pa 12 Januwale 2050 ku Lilongwe kudzagwa mvula kapena ayi.

Chimene chimafooketsa ulosi wa tsiku ndi tsiku chinadziwika mwangozi. Mu 1961, Edward Lorenz wa pa yunivesite ya MIT ku America ankafuna kubwereza masamu ena a nyengo pa kompyuta yake. Pofuna kudula njira, m'malo mwa 0.506127 anangolemba 0.506. Poyamba zotsatira ziwirizo zinayendera limodzi, kenaka zinayamba kupatukana, mpaka nyengo yachiwiriyo sinafananenso m'pang'ono pomwe ndi yoyamba ija. Popeza palibe angayeze mpweya wa pangodya iliyonse ya dziko osalakwitsa ngakhale pang'ono, kalakwitsidwe kakang'onoko kamakula tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri ulosi wa tsiku lenileni umakhala wopanda ntchito. Kuno kwathu zimavutirapo chifukwa mvula yathu yambiri ndi ya mabingu. Mtambo umabadwa masana, n'kukhuthula madzi pa Kanengo, a ku Area 23 akupuma fumbi. A zanyengo akati "mvula m'madera ena a chigawo chapakati" ndipo kwanu kosagwa, nthawi zambiri imakhala itagwa kwa anzanu.

Mayi akamaphika phala, palibe angaloze pamene thovu lotsatira liphulikire. Koma mukasonkhezera nkhuni, ngakhale mwana adziwa kuti phalalo libwata kwambiri. Akatswiri a kusintha kwa nyengo amawerenga nkhunizo.

Nanga mu kompyutamo muli chiyani? Chimene chilimo amachitcha model, ndipo ndi pulogalamu yaikulu imene imamanga chifaniziro cha dziko ndi manambala. Yerekezani kuti mwakulunga dziko lonse mu ukonde. Diso lililonse la ukondewo ndi bokosi, ndipo mabokosiwo asanjikizana kuchokera pansi mpaka kumwamba, ena kutsika m'nyanja zamchere. Mu bokosi lililonse mwalembedwa kutentha, chinyezi, kulemera kwa mpweya, liwiro la mphepo ndi kumene ikulowera. Kenaka kompyuta imapatsidwa malamulo omwe ana amaphunzira ku sekondale: mpweya wotentha umakwera, madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha n'kukakutaya pamene akupanga mtambo, mphamvu siitayika koma imangosamuka, ndipo kuzungulira kwa dziko kumakhotetsa mphepo. Kompyuta imawerengetsa zimene bokosi lililonse lipatse oyandikana nalo m'mphindi zochepa zikubwerazo, tinene 30, n'kulemba manambala atsopano, n'kuyambiranso. Inu ndinu a choko, tawerengetsani: maulendo 48 patsiku kwa zaka 100 ndi maulendo oposa 1.7 miliyoni, pa bokosi lililonse. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chimene chinandigwira mtima ine nditayamba ntchito imeneyi n'chakuti palibe amalemba mu pulogalamumo kuti "mu Januwale mvula izigwa ku Malawi." Mumangopereka dzuwa, nyanja, mapiri ndi malamulo aja, ndipo lamba wa mvula amene a zanyengo amamutcha ITCZ amabadwa yekha, n'kumatsikira kummwera m'dzinja ndi kubwerera kumpoto m'masika. Zipululu zimapezeka m'chifanizirocho pamene pali zipululu zenizeni. Zimenezi sizitanthauza kuti chifanizirocho n'changwiro, koma zimasonyeza kuti si ula.

Maganizowa ndi akale kuposa makompyuta. Lewis Fry Richardson wa ku England anayesa masamu amenewa ndi pensulo, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1922. Ulosi wa maola 6 unamutengera masabata pafupifupi 6, ndipo unalakwika kotheratu. Iye anawerengetsa kuti pangafunike anthu 64,000 ochita masamu nthawi imodzi kuti athamange mofanana ndi nyengo. Mu 1950 gulu la Jule Charney linayesa pa kompyuta ya ENIAC, ndipo ulosi wa tsiku limodzi unatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Lero foni ili m'thumba mwanuyo ingamalize masamu a ENIAC musanaphethire.

Tsopano za mabungwe. Sindikana kuti alipo amene amadyera pa dzina la kusintha kwa nyengo. Ndakhalapo m'misonkhano ya m'mahotela imene chotsatira chake chinali ma alawansi basi. Koma nkhaniyi sinayambe ndi iwo. Mu 1859 John Tyndall anayeza mu labotale n'kuona kuti mpweya wa kaboni ndi nthunzi zimagwira kutentha kumene nthaka imabweza kumwamba. Mu 1896, Lilongwe isanakhale n'komwe boma, Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengetsa pamanja kuti mpweya wa kaboni utawirikiza kawiri, dziko lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Anakweza nambala, koma njira anailondola. Mu 1958 Charles Keeling anayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo anapeza magawo pafupifupi 315 pa miliyoni iliyonse. Lero tadutsa 420. Mafakitale asanayambe unali pafupifupi 280, ndipo tikudziwa zimenezi chifukwa cha timathovu ta mpweya wakale totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica. Wowonjezerekawo wachokera ku malasha, mafuta, gasi, simenti ndi nkhalango zowotchedwa. Nkhuni zija n'zimenezi.

Mu 1967 Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald anagwiritsa ntchito model yosavuta n'kupeza kuti kuwirikiza kaboni kungakweze kutentha ndi madigiri pafupifupi 2.3. Mu 1979 komiti yotsogozedwa ndi Charney yemwe uja inati yankho lili pakati pa 1.5 ndi 4.5. Mu 2021 bungwe la IPCC, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa dziko lonse pansi pa United Nations, linati mwina ndi pakati pa 2.5 ndi 4, ndipo nambala yapakati ndi 3. Makompyuta asintha kosaneneka m'zaka zimenezi, koma yankho langokhala pabwalo lomwelo. Manabe analandira mphotho ya Nobel mu 2021 limodzi ndi Klaus Hasselmann ndi Giorgio Parisi.

Mphunzitsi sakhulupirira mwana chifukwa cha mbiri ya makolo ake, amamupatsa mayeso. Ma model analemba angapo, mayankho asanadziwike. Ntchito ya Manabe inanena chinthu chodabwitsa: kaboni akachuluka, mpweya wapansi udzatentha koma wa kumwamba kwenikweni, kupitirira kumene mitambo ya mabingu imalekezera, udzazizira. Dzuwa likanakhala kuti ndilo lawonjezera moto, konsekonse kukanatentha. Ma setilaiti ndi mabaluni oyezera anadzapeza kuti kumwambako kukuziziradi. Mayeso ena anabwera mu Juni 1991, pamene phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika n'kuponya utsi wa sulufule kumwamba. Gulu la James Hansen ku NASA linaika utsiwo mu model n'kunena kuti dziko lizizira ndi pafupifupi theka la digiri, kenaka libwerera. Mu 1992 zinachitikadi choncho. Ndipo mu 2019 Zeke Hausfather ndi anzake anafukula maulosi 17 amene anatuluka pakati pa 1970 ndi 2007 n'kuwachonga. Okwana 10 anagwirizana ndi zimene zinayezedwa. Atakonza pa mfundo yakuti olosera ena anaphonya kuchuluka kwa utsi umene anthu adzatulutse, ogwirizana anafika 14. Mwana wopeza 14 pa 17 simumubweza kalasi.

Pali kuyesa kwinanso kumene kungatheke mu kompyuta mokha, popeza dziko lachiwiri loyeserapo tilibe. Mukayendetsa model kuyambira 1850 ndi dzuwa ndi mapiri ophulika okha, kutentha kwa zaka zaposachedwapa sikuoneka. Mukaonjezera utsi wa anthu, mzere umakwera n'kukumana ndi zimene zinayezedwa. Zaka za 2011 mpaka 2020 zinali zotentha ndi madigiri 1.1 kuposa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo 2024 inafika pafupifupi 1.5, chaka chotentha kuposa zonse zimene zinali zitayezedwapo.

Apa ndiye ndasiya kuwayamikira, chifukwa pa mvula yathu ma model amatsimphina. Vuto loyamba ndi maso a ukonde uja. Mu ma model ambiri a dziko lonse, bokosi limodzi ndi lalikulu makilomita 100 mbali iliyonse, ena kuposa pamenepo. Kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Salima ndi mtunda ngati womwewo. Ndiye kuti tauni yathuyi, imene ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, mapiri a Dowa, ndi gombe lotentha la Senga Bay zingathe kugwera mu bokosi limodzi, n'kupatsidwa nambala imodzi ya kutentha ndi imodzi ya mvula. Malawi yense, wa masikweya kilomita pafupifupi 118,000, angakwane m'mabokosi 12. Nyanja yathu, imene pena paliponse siidutsa makilomita 80 m'lifupi, imaoneka movutikira. Phiri la Mulanje, la mamita 3,002, limasanduka chulu. Ukonde wa maso aakulu chonchi umagwira kampango, usipa n'kupulumuka wonse, ndipo usipa wake ndi mitambo ya mabingu ija, imene m'lifupi mwake ndi makilomita ochepa chabe. Popeza kompyuta siingaione, akatswiri amailembera lamulo lachidule lakuti chinyezi ndi kutentha zikafika pakuti, bokosi ligwetse mvula yakuti. Magulu osiyana amalemba lamuloli mosiyana, ndipo kusagwirizana kwambiri kumachokera pomwepa. Ma model ambiri amakonda kugwetsa mvula yowaza pafupipafupi m'malo mwa chimvula cha ola limodzi chimene timachidziwa.

Mwina mufunsa kuti bwanji osachepetsa masowo. Akuchepetsa, koma ndi zodula. Mukadula bokosi pakati mbali zonse, ntchito ya kompyuta imawirikiza pafupifupi ka 8. A Met Office ya ku Britain anayendetsapo model ya Africa yense ya mabokosi a makilomita 4.5, imene mitambo ya mabingu imabadwa yokha, koma anangokwanitsa zaka pafupifupi 10 za lero ndi 10 za m'tsogolo. Inaonetsa mvula yamphamvu kwambiri ndiponso ng'amba zotalikirapo kuposa zimene ma model a maso aakulu ankaonetsa.

Vuto lachiwiri ndi malo amene tinabadwira. Ma model ambiri amati kummawa kwa Africa, cha ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania, mvula idzawonjezereka, pamene kummwera, cha ku Zimbabwe, Botswana ndi Namibia, idzachepa. Malire a mbali ziwirizi amadutsa cha kwathu kuno. Model ina ikawakankhira kummwera pang'ono, Lilongwe imanyowa. Ina ikawakokera kumpoto, Lilongwe imauma. Kafukufuku wa UMFULA, amene anayang'ana Malawi ndi Tanzania, anaunika ma model oposa 30. Onse anagwirizana kuti kudzatentha. Pa mvula ya chaka chonse anagawikana, ena yochuluka, ena yochepa, ambiri kusintha kochepa. Pamene ambiri anagwirizana ndi pakuti miyezi ya Seputembala mpaka Novembala idzakhala youma kuposa kale, kutanthauza kuti chizimalupsa ndi mvula yobzalira zizichedwa.

Ndisabisenso kuti ku Kenya ndi maiko oyandikana nawo, mvula ya Malichi mpaka Meyi inakhala ikuchepa kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, pamene ma model ankati kumeneko kuzinyowa, ndipo akatswiri akukanganabe za chifukwa chake. Ena mwa ma model atsopano anatenthanso mopitirira, kufika madigiri oposa 5 pa kuwirikiza kwa kaboni, moti a IPCC mu 2021 sanawapatse mawu ofanana ndi anzawo. N'chifukwa chake sitimvera model imodzi. Timafunsa gulu lonse, ngati mmene mfumu imamvera mboni zingapo, ndipo pamene mbonizo zasemphana timanena kuti zasemphana. Choipa n'chakuti ife a ku Africa tili ndi malo ochepa oyezera nyengo, choncho ngakhale pochonga ma model timasowa pepala la mayankho. Malo ngati Chitedze, amene akhala akuyeza kwa zaka zambiri osadukiza, ndi chuma.

Chinthu china palibe kompyuta ingachidziwe, ndicho zimene anthu adzasankhe. Malasha amene China, America ndi India adzawotche ndi nkhani ya ndale ndi malonda. Choncho ma model amayendetsedwa pa njira zingapo, ya utsi wochuluka, wapakati ndi wochepa. Kufika cha m'ma 2050 njirazi sizitalikirana kwambiri, zimadzapatukana kwenikweni kumapeto kwa zaka 100 zino. Kwa inu izi zikutanthauza kuti kutentha kwa zaka 20 zikubwerazi kuli kale m'njira, kaya maiko asunga pangano la ku Paris la 2015 lochepetsa utsi kaya ayi. Utsi wa Malawi pa zonsezi ndi dontho. Wootcha makala ku Dzalanyama si amene watenthetsa dziko, ngakhale akuononga kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ndipo mlandu umenewo ndi waukulu pawokha.

Tibwere ku munda wanu. Anthu akamva "digiri imodzi kapena awiri" amaseka, poti m'mawa ndi masana zimasiyana kuposa pamenepo. Koma imeneyo ndi nambala yapakati ya chaka chonse, usana ndi usiku. Kafukufuku wina anapeza kuti Malawi anatentha ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006, ndipo mkati mwa kummwera kwa Africa mukutentha mofulumira kuposa dziko lonse, popeza mtunda umatentha msanga kuposa nyanja. Nambala yapakati ikasuntha pang'ono, masiku otentha mopyola muyeso amachuluka kwambiri, ndipo chimanga chimawerenga masiku amenewo. Mu 2011 David Lobell ndi anzake anaunika minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 mu Africa muno. Anapeza kuti tsiku lililonse limene kutentha kwapyola madigiri 30 ndi digiri imodzi, zokolola zimatsika ndi 1 peresenti ngati chinyezi chilipo, ndi 1.7 peresenti ngati kuli ng'amba. Nthawi yoopsa ndi pamene chimanga chikumasula, chifukwa mungu ndi ndevu sizipirira kutentha. Komanso ngakhale mvula itagwa yofanana ndi ya masiku a bambo anu, dothi lotentha limauma msanga. Ng'amba ya masiku 10 mu Januwale imene kale chimanga chinkaipirira, m'tsogolomu izidzachipinda masamba.

Chachiwiri chodalirika ndi mphamvu ya mvula. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezereka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo lamulo limeneli ndi la fizikisi, silidalira model. Mtambo ukaphulika umakhala ndi zambiri zokhuthula. Ndiye mvula ya chaka ikhoza kukhala yomweyo pa kaundula, koma itagwa m'masiku ochepa, yambiri n'kuthamangira ku mtsinje itanyamula dothi lanu. A ku Mtandire anaona mu 2017 zimene Lingadzi amachita akakwiya. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 anatenga miyoyo yoposa 1,000 kummwera. Akatswiri a World Weather Attribution, gulu lofufuza ngati kutentha kwa dziko kwakulitsa matsoka ngati amenewa, ataunika Ana ndi anamondwe anzake a chaka chimenecho, anati kutentha kwa dziko kunawonjezera mvulayo, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa cha kuchepa kwa malo oyezera kuja.

Komatu si tsoka lililonse limene ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ndimadandaula anthu akamaponya mawuwa pa chilichonse. Chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, gulu lomwelo linapeza kuti gwero lake lalikulu linali El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo. Njala ya 1949 inachitika kaboni asanachuluke chonchi. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka madzi anasiya kutuluka bwino kupita mu Shire. Nyengo ya bambo anu nayo inali ndi ukali wake. Kutentha kwa dziko kukusenzetsa katundu wina pamwamba pa ukali wakalewo.

Pakati pa ulosi wa mawa ndi wa 2050 pali wina umene ungakuthandizeni kwambiri, wa dzinja lonse. Akatswiri a maiko a SADC amakumana chaka chilichonse dzinja lisanayambe, kenaka Nthambi yoona za nyengo kuno kwathu imatulutsa wa Malawi. Mphamvu yake imachokera ku nyanja zamchere, zimene zimasintha pang'onopang'ono. Koma anthu amaumva molakwika. Ndinaufotokozapo kwa alimi ena ndi chipewa ndi nyemba 20. Akati mwayi wa mvula yapakatikati ndi 40 peresenti, yochepa 35, yochuluka 25, ndiye kuti m'chipewamo muli nyemba 8 zoyera, 7 zofiira ndi 5 zakuda, ndipo chaka chitola imodzi chitatsinzina. Gogo wina anatola yakuda n'kunena kuti, "Ndiye mwanama." Ayi, sindinaname, yakudayo inalimo. Mu 1997 ndi 1998 kunali El Niño wamphamvu, anthu anachenjezedwa za chilala, koma kummwera kwa Africa sichinafike poopsa monga ankaopera. Mu 2015 ndi 2016 chinafika, mpaka madzi a m'mipopi mu Lilongwe muno ankagawidwa mosinthana. El Niño amakonda kuumitsa kummwera kwa Malawi n'kunyowetsa kumpoto, ndipo ife apakati tilinso pamalire.

Ndiye mukati muzilima monga ankalimira bambo anu, ndikuti tengani nzeru zawo koma musatenge kalendala yawo. Iwo ankasakaniza mbewu, ankasiya misangu m'munda, ankakhala ndi mbatata ndi chinangwa pambali. Zimenezo zikugwirizana bwino ndi zimene ma model akunena. Chimene sichingagwirenso ntchito ndi kubzala pa tsiku lakuti chifukwa ndi mmene zinkakhalira.

Ndikanakhala inu, penshoniyo ndikanaika pa zinthu zimene zipindule kaya gulu la ma model onyowa ndilo lalondola kaya la ouma. Zambiri mwa izo ndi zogwira madzi pamene agwera: akalozera ndi vetiva ngati munda uli potsetsereka, ngonyeka m'mizere, kuphimbira ndi mapesi m'malo mowatentha, manyowa ochuluka kuti dothi lizisunga chinyezi. Maekala anayiwo asakhale a chimanga chokha, ndipo chimangacho chisakhale cha mtundu umodzi. Gawo lina likhale locha msanga, lina mtedza, soya kapena nandolo. Ngati pali dambo, chitsime chabwino ndi pampu ya sola zingakupatseni ndalama m'chilimwe, koma muyambe mwafunsa eni mudzi kuti mu 2016 ndi 2024 chitsime chiti chinaphwa ndipo chiti chinatsala. Mitengo ya zipatso imene idzakhale zaka 30 muisankhe poganizira Mitundu wotentherapo kuposa wa lero, ndipo alangizi kapena a ku Bunda, amene ndi aneba anu, angakuthandizeni pa mitundu yake. Khola, nkhokwe kapena nyumba musamange m'khwawa, ngakhale akuuzeni kuti madzi sanadutsemo chiyambire.

Chotsiriza n'chotchipa kuposa zonse. Gulani choyezera mvula cha pulasitiki, muchiimike pansichi pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo muziwerenga 8 koloko m'mawa uliwonse monga amachitira a zanyengo. Mulembe m'kope ngati rejisitala ya kalasi, ndi masiku opanda mvula omwe, pamodzi ndi tsiku limene mwabzala ndi limene chimanga chamasula. Pakatha zaka zisanu mudzayamba kuona kuti ng'amba imakonda kugwa sabata iti pamunda panu, ndipo mukadzamva ulosi wa dzinja mudzakhala ndi pouyeza. Mlangizi wa dera lanu mudzamuonetseko kopelo.